Anthu a ku Iran Kudziko la Eni: Kuyerekeza Njira za Psychoanalysis Zofotokozera Kupukwa ndi Kuzolowera

Pamene mfumu Mohammad Reza Pahlavi inatuluka m'dziko la Iran pa 16 Januwale 1979, ndipo Ayatollah Khomeini, mtsogoleri wachipembedzo amene anadzatenga ulamuliro, anatera ku Tehran pa 1 Febuluwale, mabanja ambiri amene analongedza katundu kupita ku Los Angeles, ku London, ku Paris ndi ku Hamburg ankakhulupirira kuti akukadikira miyezi yochepa chabe kuti zinthu zibwerere mwakale. Ena anali kunja kale. M'makoleji ndi m'mayunivesite a ku America munali ophunzira a ku Iran oposa 50,000, gulu lalikulu kuposa la dziko lina lililonse panthawiyo, ndipo ambiri a iwo anangozindikira kuti dziko limene linawatumiza kusukulu lasanduka lina. Nkhondo ya Iran ndi Iraq, kuyambira 1980 mpaka 1988, inathamangitsa anyamata oopa kutengedwa usilikali. Anthu a chipembedzo cha Baha'i, Ayuda ndi andale otsutsa boma anatuluka pazifukwa zawozawo. Ndipo pambuyo pa zionetsero za 2009 ndi za 2022 panatulukanso achinyamata ophunzira amene anabadwa ufumu utagwa kale. Onsewa timawatchula ndi dzina limodzi, koma anachoka mosiyana ndipo analandiridwa mosiyana.

Maofesi oona za obwera amayeza kuzolowera ndi zinthu zooneka: ziphaso, ntchito, chilankhulo, sukulu ya ana. Katswiri wa ku Canada John Berry anandandalika njira zinayi zimene mlendo angatsate, zomwe ndi kusunga zakwawo n'kulandiranso za eni dziko, kutaya zakwawo, kudzipatula, kapena kusowa pogwira konsekonse, koma kafotokozedwe kameneka kamanena kumene munthu wafika osanena chimene chamufikitsa kumeneko. Psychoanalysis, njira yofufuza maganizo obisika imene Sigmund Freud anayambitsa ku Vienna, imafunsa zapansi pake: n'chifukwa chiyani injiniya amene zinthu zikumuyendera ku Toronto saona tulo, nanga mayi amene wakhala ku California zaka 40 amakaniranji kuphunzira Chingelezi bwinobwino? Akatswiri a njirayi sayankha mofanana. Poyerekeza mayankho awo ndikhala ndikufunsa mafunso awiri amene pa anthu a ku Iran amalemera kwambiri: kodi munthuyo angathe kubwerera kwawo atafuna, nanga eni dziko anamuyang'ana ndi maso otani?

Kafotokozedwe kakale kwambiri kamati kusamuka ndi maliro. Mu 1917 Freud anasiyanitsa kulira kwa namfedwa ndi chisoni chimene chimasanduka matenda, ndipo anatchula poyera kuti munthu atha kulira dziko lake kapena ufulu wake monga momwe amalirira mbale. Wolira bwino amadziwa chimene wataya ndipo amachikumbukira pang'onopang'ono mpaka mtima utachimasula. Wodwala chisoni amachisunga mkati, ndipo mkwiyo umene akanaulozetsa kwa chotayikacho amaubwezera kwa iye mwini, n'kuyamba kudzinyoza. Mu 1974 dokotala wa ku Mexico César Garza-Guerrero anagwiritsa ntchito maganizo amenewa pa osamuka, n'kunena kuti amadutsa magawo atatu: kugundana ndi chikhalidwe chatsopano, kukonzanso zamkati, ndi kudzidziwa mwatsopano. Koma amene anakumba mozama ndi León Grinberg ndi mkazi wake Rebeca Grinberg, akatswiri a ku Argentina amene iwo eni anasamukira ku Madrid, ndipo buku lawo lonena za kusamuka ndi kuthamangitsidwa linatuluka m'Chisipanishi mu 1984 ndi m'Chingelezi mu 1989.

A Grinberg anatsatira katswiri wina wa psychoanalysis, Melanie Klein, pa mfundo yoti mtima wopanikizika umagawa zinthu pawiri, zabwino zokhazokha uku, zoipa zokhazokha uko. Mlendo amayamba kuona kwawo ngati kopanda banga ndipo kuchilendo ngati kouma ndi kopanda umunthu, kapena amatembenuza n'kumanyoza zonse zakwawo ndi kutamanda chilichonse cha eni dziko. Anafotokozanso zinthu ziwiri zimene zimagwirizana kwambiri ndi mbiri ya anthu a ku Iran. Choyamba ndi kudziimba mlandu chifukwa cha otsala. Munthu amene anapulumuka mu 1988, chaka chimene boma linapha akaidi andale zikwizikwi n'kukwirira ambiri m'manda a chigulu monga a ku Khavaran, sadzilola kusangalala mosavuta, ndipo nthawi zina amadziwonongera yekha mwayi osadziwa chifukwa chake. Chachiwiri ndi kukhumudwa kochedwa: munthu amalimba zaka zonse zovuta, akugwira ntchito usiku ndi kulembanso mayeso amene anakhoza kale kwawo, ndiye amadzagwa nyumba atagula ndiponso ana atamaliza sukulu, pamene achibale akuona kuti palibenso chodandaulitsa.

Kwa m'badwo umene unathawa mu 1979 palibe njira ina imene imamva ululu wawo kuposa imeneyi. Kufooka kwake kuli pa chiyembekezo choti maliro amatha. Ku Iran anthu amasonkhana tsiku lachitatu, lachisanu ndi chiwiri, la 40 ndi pakatha chaka, monganso kwathu kuno mwambo wa kumeta umatsekera maliro kuti anamfedwa abwerere ku ntchito zawo. Koma maliro a dziko alibe mtembo. Dziko la Iran likadalipo, limaoneka pa foni tsiku lililonse, ndipo zionetsero zikabuka, monga zinachitikira Mahsa Amini atamwalira pa 16 Sepitembala 2022 patangopita masiku ochepa apolisi oona za kavalidwe atamugwira, chiyembekezo chobwerera chimadzuka n'kugwanso. Mlangizi amene akudikira kuti munthu wotere amalize kulira adzamuyesa wouma mutu kapena wodwala, chonsecho chimene akuliracho sichinafe. Freud yemwe, patapita zaka mwana wake Sophie atamwalira mu 1920, analembera mnzake Ludwig Binswanger mu 1929 kuti chotayika sichipezeka cholowa m'malo mwake, ndipo amene amaumirira pa maganizo ake a 1917 okha amaiwala kalata imeneyi.

Salman Akhtar, dokotala wobadwira ku India amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Philadelphia, anabwera ndi kafotokozedwe kena mu 1995. Iye sanayambire pa imfa koma pa kukula. Margaret Mahler anali atafotokoza mmene mwana wamng'ono amalekanirana ndi mayi wake pang'onopang'ono, kukwawira patali n'kubwerera kudzagwira mwendo wa mayi asanapitenso, ndipo Peter Blos anati wotha msinkhu amadutsanso kulekana kwachiwiri. Akhtar anati kusamuka ndi kulekana kwachitatu, kumene kumayenda m'njira zinayi: kuchoka pa kukonda kokhakokha kapena kudana kokhakokha kufika povomera kuti maiko onse awiri ali ndi zabwino ndi zoipa, kuchoka pa kumamatira kapena kutalikira kufika pa mtunda woyenera, kuchoka pokhala m'zadzulo kapena m'zamawa kufika pokhala m'zalero, ndi kuchoka pa "zanu" ndi "zanga" kufika pa "zathu".

Ubwino wa njira imeneyi ndi woti mlangizi angaigwiritse ntchito mawa lomwe, chifukwa zizindikiro zake zimamveka m'kamwa mwa munthu. Akhtar analembanso za malingaliro awiri amene amamanga munthu, akuti "zikanakhala kuti" ndi akuti "tsiku lina", ndipo m'macheza a akuluakulu othawa mu 1979 onse awiri amamveka: zikanakhala kuti mfumu sinachoke, tsiku lina boma ili likadzagwa. Hamid Naficy, amene mu 1993 anafalitsa kafukufuku wake wa wayilesi za kanema za anthu a ku Iran ku Los Angeles, anasonyeza mmene mapulogalamu awo ankasungira dziko lakalelo m'nyimbo ndi m'zithunzi. Komabe Akhtar saona kupukwa konse ngati matenda. Mbali ina ndi kubwerera kwa mwana uja kumwendo wa mayi kukatenga mphamvu. Taganizirani banja lokhala m'nyumba ya m'mwamba ku Toronto cha pa 20 Malichi, kunja chipale chofewa chisanasungunuke. Patebulo payalidwa nsalu, ndipo pali tirigu womera m'mbale, maapozi, adyo, viniga, zipatso zouma, kalilole, makandulo, mazira opakidwa utoto ndi buku la ndakatulo za Hafez. Akukonzekera Nowruz, chaka chatsopano cha anthu a ku Iran, chimene chimalowa pa mphindi imodzimodzi padziko lonse, mphindi imene akatswiri a zakuthambo amawerengera, kotero chaka china makolo amadzutsa ana pakati pa usiku kuti awerenge masekondi limodzi ndi agogo a ku Shiraz amene ali pa foni. Kukacha ana omwewo amapita kusukulu n'kulankhula Chingelezi tsiku lonse. Mwa njira zonse, ya Akhtar ndi imene imamvetsa kuti usiku woterewo suchedwetsa kuzolowera koma umakuthandiza.

Pamene njirayi imatsimphina ndi pa funso langa loyamba. Mwana wa Mahler amalimba mtima chifukwa akacheuka amapeza mayi alipo. Akhtar mwini anasiyanitsa wosamuka mwakufuna kwake ndi wothamangitsidwa, ndipo anavomera kuti wachiwiriyu alibe mwayi wokatenga mphamvu kwawo. Koma kwa anthu a ku Iran malire a magulu awiriwa sakhazikika. Boma la Iran silivomereza kuti munthu akhale nzika ya maiko awiri, ndipo ena okhala ndi mapasipoti awiri amangidwapo atapita kukaona abale. Dziko la America linadula ubale ndi Iran mu Epulo 1980, Canada anatseka ofesi ya kazembe wake ku Tehran mu 2012, ndipo lamulo la pulezidenti Donald Trump la mu 2017 linalepheretsa makolo ambiri kukaona ana ndi zidzukulu zawo. Pa 8 Januwale 2020 asilikali a Iran anawombera ndege ya ku Ukraine itangonyamuka ku Tehran, anthu onse 176 n'kufa, ndipo ambiri mwa iwo anali pa ulendo wopita ku Canada. Wophunzira amene anapita kunja mwakufuna kwake atha kusanduka wothamangitsidwa tsiku limodzi chifukwa chithunzi chake chaoneka pa zionetsero. Mtunda woyenera umene Akhtar amafuna sudalira mtima wa munthu wokha pamene oyeza mtundawo ndi maboma.

Vamık Volkan, wobadwira pachilumba cha Cyprus mu 1932 amene anagwira ntchito zaka zambiri ku yunivesite ya Virginia, amathandiza pamene njira ziwirizi zalekezera. Iye anaona kuti anamfedwa ena amasankha chinthu chimodzi cha malemu, monga wotchi, n'kuchitsekera m'kabati: sachigwiritsa ntchito, sachitaya, sachiyang'ana kawirikawiri, koma ayenera kudziwa pamene chili. Chinthucho chimawalumikiza ndi womwalirayo mwanjira yoti kulira sikupita patsogolo ndipo sikutha. Kwa wothamangitsidwa chinthu choterocho chikhoza kukhala kiyi wa nyumba ya ku Tehran kapena chikalata cha malo amene boma latsopano linalanda. Kusiyanitsa kumeneku n'kothandiza zedi, chifukwa kumatiphunzitsa kuyang'ana zimene munthu amachita ndi chinthu, osati kungoti ali nacho. Kapeti wa ku Kashan woyalidwa pabalaza, amene ana amasewerapo ndipo tiyi anatayikirapo, ali m'moyo wa lero wa banjalo. Kapeti yemweyo atakulungidwa kuchipinda kwa zaka 30, akudikira kukayalidwa kwawo, akusonyeza kuti mwini wake sanafike n'komwe kumene akukhala.

Volkan anapitirira kufika pa magulu, n'kunena kuti mtundu wa anthu umasankha tsoka lina la m'mbiri n'kulipatsira ana ngati chizindikiro cha umodzi wawo. Tikayesa maganizo amenewa pa anthu a ku Iran okhala kunja, tipeza kuti sanasankhe tsoka limodzi. Kwa ena bala lalikulu ndi 1979. Kwa ena ndi Ogasiti 1953, pamene mabungwe a ukazitape a America ndi Britain anathandiza kugwetsa nduna yaikulu Mohammad Mosaddegh. Kwa enanso ndi kugonjetsedwa ndi Aarabu m'zaka za m'ma 600. Izi zikuthandiza kumvetsa chifukwa chake anthu othawa boma limodzi amakanganirana mbendera pa zionetsero, ena atanyamula ya nthawi ya ufumu, ya mkango ndi dzuwa, ena akuikana. Ngozi ya njira imeneyi ndi yoti mlangizi waulesi atha kusandutsa maganizo a ndale a munthu kukhala chizindikiro cha matenda. Mayi amene mlongo wake ananyongedwa sakwiya chifukwa cholephera kulira ayi. Ali ndi mlandu umene sunaweruzidwe.

Heinz Kohut, amene anathawa ku Vienna n'kukhazikika ku Chicago, sindikhalitsa pa iye. Mfundo yake yoti munthu amafuna anthu omuona ndi kumutsimikizira kuti ndi wofunika imakwana pa nkhani imodzi, koma imakwana ndendende: bambo amene kwawo anali mkulu wa asilikali, woweruza milandu kapena dokotala, amene tsopano akuyendetsa takisi ndipo ana ake ndi amene akumumasulira makalata a boma. Ukali wake kunyumba, kuumirira kwake kuti mwana adzakhale dokotala kapena loya, ndi kubisa kwake mavuto kuti banja lisachite manyazi pamaso pa akwawo, zimamveka tikaziona ngati kuyesa kumanganso ulemu umene unagumuka.

Pa Donald Winnicott wa ku Britain pamafunika kusamala. Mu 1960 iye anafotokoza za munthu amene amadzipangira nkhope yomvera ndi yokondweretsa ena pofuna kuteteza zenizeni za mumtima, ndipo n'zoona kuti alendo ambiri amavala nkhope yotere kuntchito. Koma anthu a ku Iran ali ndi mwambo waulemu wotchedwa taarof. Mlendo akapatsidwa chakudya amakana kangapo asanalandire; woyendetsa takisi ku Tehran amayamba wakana ndalama ngakhale akuzifuna, ndipo wokwerayo amadziwa kuti ayenera kuumirira; pakhomo anthu awiri amapatsana mpata mobwerezabwereza kuti mnzake ayambe kulowa. Mlangizi wosadziwa izi, akaona mayi akuyankha kuti zonse zili bwino, akuthokoza mopitirira ndi kubwera ndi mphatso, atha kulemba kuti mayiyo akubisa zinazake, pamene iye akungopereka ulemu woyenera kwa munthu wophunzira n'kumadikira kufunsidwa kachiwiri. Winnicott mwini anavomera kuti ulemu wa pagulu ndi mbali ya moyo wabwinobwino. Kupwetekeka kwenikweni kumachokera mbali inayo: wophunzira wongofika kumene ku Stockholm amakana chakudya kamodzi mwaulemu, mwini nyumba n'kuchotsa mbale, mlendoyo n'kukagona ndi njala akuganiza kuti sakufunidwa.

Nkhani ya chilankhulo imayenda limodzi ndi imeneyi. Mu 1950 Ralph Greenson analemba za mayi wina wolankhula Chijeremani ndi Chingelezi amene ankapewa Chijeremani pokambirana naye, chifukwa m'chilankhulo cha ubwana wake ankadzimva ngati mwana wamantha ndi wauve, pamene m'Chingelezi ankadzimva ngati mayi wolemekezeka. Munthu wa ku Iran atha kupeza kuti mkwiyo wake pa bambo, kukayikira kwake chipembedzo kapena nkhani za kuchipinda zimatuluka mosavuta m'Chingelezi, pamene misozi imangobwera akayamba kulankhula Chiperisiya, chilankhulo cha kwawo. Mlangizi wanzeru samukakamiza kusankha. Amatchera khutu pamene munthuyo wasinthira chilankhulo.

Njira zonsezi zinapangidwira munthu amene anataya malo amene anawadziwa. Nanga mwana wobadwira ku Texas, amene ku Iran sanapondeko? Apa ndi pamene funso lachiwiri, la maso amene eni dziko amamuyang'ana nawo, limakula. Pa 4 Novembala 1979 ophunzira ku Tehran analanda ofesi ya kazembe wa America, ndipo anthu 52 anasungidwa mokakamiza kwa masiku 444. Boma la Jimmy Carter linalamula ophunzira a ku Iran m'dzikomo kuti akaonekere ku maofesi oona za olowa ndi otuluka, ndipo ambiri anayamba kudzitchula kuti ndi Aperisiya, potengera dzina lakale la dziko lawo, kapena kufupikitsa mayina awo kuti amveke ngati a eni dziko. Ana anakulira m'nyumba zotere. Mu 2000 David Eng ndi Shinhee Han, polemba za achinyamata a ku America ochokera m'mabanja a ku Asia, anatenga chisoni chosatha chija cha Freud n'kunena kuti si matenda a munthu payekha koma chipatso cha tsankho: mwanayo wataya dziko la makolo limene sanakhale nalo, ndipo akulonjezedwa kulandiridwa kwathunthu kumene sikufika. Iwo sankanena za anthu a ku Iran, koma kafukufuku wa Neda Maghbouleh wa mu 2017 akugwirizana nawo, pakuti anasonyeza achinyamata amene pamapepala a boma ankawerengedwa ngati azungu koma kusukulu ndi pabwalo la ndege ankachitidwa mosiyana. Mawu a Akhtar akuti "zathu" amafuna kuti mwini dziko avomere, ndipo njira iyi yokha ndi imene imafunsa ngati wavomeradi. Ikagwiritsidwa ntchito yokha imatha kuphimba za m'nyumba, monga chete wa makolo pa zimene anaona ndi katundu amene amasenzetsa ana woti apambane m'malo mwawo.

Pali chenjezo lina lochokera kunja kwa psychoanalysis limene limakhudza njira zonse. Byron Good, amene anachita kafukufuku mumzinda wa Maragheh m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti anthu ankafotokoza nkhawa za m'banja ndi umphawi ngati kuvutika kwa mtima weniweniwo wa m'chifuwa, ndipo mu 1985 iye, Mary-Jo DelVecchio Good ndi Robert Moradi anasonyeza kuti pakati pa anthu a ku Iran chisoni chimalemekezedwa ngati chizindikiro cha munthu woganiza mozama. Mwambo wolira Imam Husayn, mdzukulu wa mneneri Muhammad amene anaphedwa ku Karbala mu 680, ndi ndakatulo zambiri za kulekana zinaphunzitsa anthu kulira poyera popanda manyazi. Wofuna kuchiritsa chisoni chilichonse adzalakwa. Wochiona chonse ngati chikhalidwe chabe adzasiya munthu wodwaladi popanda thandizo.

Wosankha pakati pa njira zimenezi ayambe ndi kufunsa mmene munthuyo anachokera. Ngati anathawa usiku kudzera m'mapiri a kumalire ndi Turkey, osatsazika aliyense, ndipo sangabwerere, ndingayambe ndi a Grinberg ndi Volkan, n'kusiya chiyembekezo choti kulira kudzatha. Ngati anapita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ndipo khomo la kwawo likadali lotseguka, Akhtar ndiye wothandiza kwambiri, malinga mlangizi akukumbukira kuti khomolo litha kutsekedwa nthawi ina iliyonse. Kwa bambo wotsika udindo, Kohut. Kwa mwana wobadwira kunja, Eng ndi Han poyamba, kenako nkhani ya makolo ake. M'banja limodzi zitha kufunika njira zitatu nthawi imodzi.

Palinso funso loti womvetsera akhale ndani. Psychoanalysis si yachilendo kwa anthu a ku Iran. Gohar Homayounpour, amene anaphunzira kunja n'kubwerera kukagwira ntchitoyi ku Tehran, anafalitsa mu 2012 buku lofotokoza zimene anakumana nazo kumeneko. Komabe kunja ena amaopa mlangizi wa kwawo chifukwa m'mizinda yambiri anthu a ku Iran amadziwana, ndipo wodwala amayamba wadzifunsa ngati mlangiziyo ali mbali ya mfumu, ya boma kapena ya otsutsa ena asanatsegule pakamwa. Ena amaopa mlangizi wa eni dziko chifukwa adzawononga theka la nthawi akumufotokozera mbiri ya 1953 ndi tanthauzo la kukana chakudya. Mlangizi wa kwawo ayenera kulankhula poyera za kusunga chinsinsi tsiku loyamba lomwe, ndipo wa eni dziko ayenera kuwerenga mbiriyo payekha m'malo mouza wodwala kuti amuphunzitse pa nthawi imene akulipira.